Masabata 9 ku MTC ya Provo: Chihangare ayambire pati?

Nabanda

Moni nonse. Mchimwene wanga wamng'ono walandira kalata ya maitanidwe kuchokera ku Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a Masiku Otsiriza, umene ambiri amangouti wa Mormon. Amutumiza ku Hungary kwa zaka ziwiri, ndipo asanapite akaphunzira kaye Chihangare ku MTC, sukulu yophunzitsira amishonale ya ku Provo, ku America, kwa masabata 9. Kwatsala miyezi itatu kuti ayambe. Chingerezi amachidziwa bwino, koma Chihangare sanachimvepo ngakhale liwu limodzi.

Amene mukudziwa, tandithandizeni. Tsiku limayenda bwanji kumeneko? N'chiyani chimene chimawagwetsa ulesi ana amenewa? Pa miyezi itatuyi ayambe chiyani, asiye chiyani? Nanga ife kunyumba tingamuthandize bwanji? Ndikufuna zenizeni zoti ndikamuuze, kumulimbitsa mtima tikumulimbitsa kale.

aMbewe

Achemwali, ine ndiyankha za moyo wa kumeneko. Za galamala alipo ozidziwa kuposa ine, abwera.

Muyambe mwawerenga kalatayo mpaka kumapeto. Kuyambira mu 2020 mbali ina ya maphunzirowa imachitikira kunyumba pa intaneti, ndipo ambiri amayambira kunyumba asanakwere ndege. Masiku amenewo amawerengedwa kale ngati utumiki: baji pachifuwa, malamulo onse, kalasi pa nthawi yake. Ndiye pafunika chipinda chachete, intaneti yosadukaduka ndi mahedifoni okhala ndi maikolofoni. Achibale asamamutume m'nthawi ya kalasi poganiza kuti poti ali pakhomo ndiye kuti ali ndi mpata.

MTC ya Provo ili ku Utah, moyandikana ndi Brigham Young University. Amadzuka 6:30 m'mawa, amagona 10:30 usiku. Pakati pamenepo pali kalasi ya maola pafupifupi 6, yogawidwa pawiri, maola atatuatatu. Pali nthawi yowerenga malemba payekha, yowerenga ndi mnzake, yophunzira chilankhulo popanda mphunzitsi, ya masewera olimbitsa thupi ndi ya chakudya. Lachiwiri madzulo ndi Lamlungu onse amasonkhana kukamva alaliki. Tsiku limodzi pa sabata, limene amalitcha P-day, ndi lochapa, lometa ndi lolankhula ndi a kunyumba. Kuyambira February 2019 amaloledwa kuimba foni kapena kulankhula pa vidiyo ndi banja lawo sabata iliyonse pa tsiku limeneli. Kale zinali kawiri kokha pa chaka.

Tsiku loyamba lomwelo amamupatsa mnzake woyenda naye, ndipo lamulo lake n'lakuti azikhala poonana ndi pomvana nthawi zonse. Awiriwa amakhala m'gulu la kalasi imodzi lotchedwa district, ndipo pa chilankhulo chophunziridwa ndi ochepa ngati Chihangare gululi nthawi zambiri limakhala laling'ono. Ubwino wake, mphunzitsi amafikira aliyense. Kuipa kwake, nkhope zomwezo kwa masabata 9, m'chipinda chomwecho, mpaka kamkangano kakang'ono kamakula. Sabata iliyonse pali nthawi yoti awiriwa akhale pansi n'kuuzana zimene zikuyenda ndi zimene sizikuyenda. Mumuuze kuti nthawi imeneyo asamaidumphe, ndipo azinena chinthu chimodzi chodziwika, monga "ukamayankha mafunso onse wekha, ine sindipeza mpata wolankhula," osati kudandaula zachisawawa.

Tsopano chimene ndikufuna mumvetsetse kwambiri. Titawerenga maola 6 kwa masiku 6 pa masabata 9, tipeza maola 324, ndipo si onse amene ali a chilankhulo. Sukulu ya akazembe a boma la America, Foreign Service Institute, imawerengera Chihangare masabata 44, maola a m'kalasi pafupifupi 1,100, kuti munthu wolankhula Chingerezi afike pogwira nacho ntchito. Choncho palibe amene amatuluka ku Provo akulankhula Chihangare bwinobwino. Amatuluka akutha kupemphera, kuchitira umboni, kuphunzitsa phunziro lalifupi, kufunsa njira ndi kuwerenga mokweza. Akadziwiratu zimenezi sakhumudwa pa sabata yachitatu kapena yachinayi, pamene chisangalalo cha poyamba chatha, galamala yachuluka, koma pakamwa sipakutulukabe kanthu. Ambiri amafookera pamenepo.

Sabata yoyamba yomweyo amayamba kuphunzitsa m'Chihangare munthu amene akuyerekeza kukhala wofuna kumva za mpingo. Cholakwika chofala n'kulemba phunziro lonse m'Chingerezi, kulimasulira ndi dikishonale, kenako kuliloweza. Ziganizo zake zimatuluka zazitali, zodzaza galamala yomwe sanaphunzire, ndipo munthu uja akangofunsa funso limodzi zonse zimabalalika. Chothandiza n'kukonza ziganizo zisanu zazifupi zimene akuzimvetsa liwu lililonse, mafunso atatu, ndi vesi limodzi loti munthuyo awerenge yekha. Phunziro la mphindi 10 lomveka limaposa la mphindi 30 loloweza.

Pali mwambo wina umene amautcha SYL, wolankhula chilankhulo cha utumiki ngakhale kunja kwa kalasi. Umafa msanga chifukwa anthu amalonjeza zazikulu, amvekere kuyambira mawa Chingerezi ayi, pofika nkhomaliro aiwala. Agwirizane ndi mnzake nthawi yodziwika, monga chakudya cha m'mawa ndi ulendo wochoka kogona kupita ku kalasi. Liwu limene sakulidziwa alinene m'Chingerezi mkati mwa chiganizo cha Chihangare, alilembe m'kabuku ka m'thumba, madzulo alifufuze.

Thupi nalo lisaiwalike. Provo ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,400 ndipo mpweya wake ndi wouma, milomo imang'ambika, mutu umawawa ngati munthu sakumwa madzi. Anthu ambirimbiri amadyera malo amodzi, chimfine chimayenda msanga. Kuba tulo kuti aloweze mawu usiku n'kudzipweteka, mawa lake m'kalasi amangosinza. Nkhawa ikakula mpaka kulephera kudya kapena kugona, auze atsogoleri a nthambi yake ya mpingo ya pa MTC. Kuli chipatala komanso alangizi, ndipo kupitako si chamanyazi.

Inu kunyumba, pa foni ya P-day musamamufunse kuti "wayamba kulankhula?" Mufunseni akuphunzitseni mawu atatu amene waphunzira sabata imeneyo. Ndipo mavuto a pakhomo amene sangawathetse ali kutali, muziyamba mwaganizira ngati afunikadi kuwamva tsiku limenelo.

Nangondo

Zikomo aMbewe. Ine ndilowa m'chilankhulo chenichenicho.

Achemwali, mwezi woyamba wonse aupereke ku katchulidwe. Chihangare chimalembedwa pafupifupi mmene chimatchulidwira, ndiye akadziwa zilembo zake 44 atha kuwerenga mokweza tsamba lililonse ngakhale sakulimva. Ku MTC katchulidwe amakadutsa mothamanga masiku oyambirira. Komanso aphunzitsi ambiri ndi achinyamata amene anatumikirako ku Hungary, odziwa ntchito yawo, koma si eni chilankhulo. Khutu lake lizolowere mawu a eni ake. Mu pulogalamu ya mpingo yotchedwa Gospel Library asinthe chilankhulo kukhala magyar, apezamo nkhani za msonkhano waukulu wa mpingo zomasuliridwa m'Chihangare zoti azimvera.

Makonsonanti ambiri sangamuvute, bola asawawerenge mwa Chingerezi. Chilembo s chimatchulidwa sh, ndipo s wathu amalembedwa sz: só ndi mchere, szó ndi liwu. Chilembo c ndi ts, cs ndi ch, zs akufanana ndi zy wa mu kuzyolika, ny ndi yemwe wa mu nyumba, j ndi ly onse ndi y. Uja gy amene amasautsa olankhula Chingerezi ali pafupi ndi dy wa mu kudya, ndiye magyar imamveka ngati madyar. Ndipo p, t, k zawo n'zopanda mpweya, ngati p wa mu pita, osati ph wa mu phiri. Apa wolankhula Chichewa ali patsogolo pa anzake a m'kalasi.

Mavawelo ndiye nkhani. Alipo 14: a á e é i í o ó ö ő u ú ü ű. Amene ali ndi kamzere pamwamba amakokedwa. Koma a ndi á sizisiyana kutalika kokha: á ndi a wathu wotsegula kukamwa, wokokedwa, pamene a wopanda kamzere ali pakati pa a ndi o, milomo itazungulira pang'ono. Hat ndi 6, hát ndi msana. Chimodzimodzi e ndi wotsegula, é ndi wotsekeka, wopendekera kwa i. Kuti atulutse ö, atchule e, lilime alisiye pomwepo, kenako azungulize milomo ngati akufuna kuimba mluzu. Kuti atulutse ü achite chimodzimodzi kuyambira pa i. Ayesere pagalasi, chifukwa cholakwika chake n'chakuti milomo ikazungulira lilime nalo limathawira kumbuyo, n'kutuluka o kapena u wamba. Kutalika kumasintha tanthauzo: öt ndi 5, őt ndi iyeyo, örült ndi anasangalala, őrült ndi wamisala. Makonsonanti olembedwa kawiri nawo amagwiridwa kanthawi: hal ndi nsomba, hall ndi akumva.

Pali misampha itatu imene imadikira lilime lozolowera Chichewa, ndipo aphunzitsi a ku Provo mwina sangaizindikire msanga chifukwa ophunzira awo ambiri alibe vutoli.

Woyamba ndi l ndi r. Kwa ife n'zosinthanasinthana, kwa iwo ndi zilembo ziwiri zosiyana, ndipo r amagubuduzidwa ndi nsonga ya lilime. Él ndi ali moyo, ér ndi amafika. Chiganizo chimene azichinena tsiku lililonse ndi Isten él, Mulungu ali moyo, ndiye l ameneyo akhale l.

Wachiwiri ndi kuwonjezera vawelo kumapeto kwa liwu lothera konsonanti. M'Chingerezi munthu amangomveka kuti ndi mlendo, koma m'Chihangare vawelo yakumapeto ili ndi ntchito. Hit ndi chikhulupiriro, hite ndi chikhulupiriro chake. Ház ndi nyumba, háza ndi nyumba yake. Isten ndi Mulungu, isteni ndi chaumulungu. Aphunzire kutseka liwu n'kuima.

Wachitatu ndi pogogomeza. Ife timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Iwo amagogomeza phatikizo loyamba nthawi zonse, liwu litalike bwanji, ndipo sakoka vawelo imene ilibe kamzere. Mu köszönöm, zikomo, mphamvu ili pa kö, mavawelo onse atatu ndi aafupi.

Kachitidwe kake, mphindi 15 tsiku lililonse: asankhe ziganizo ziwiri kapena zitatu zimene ali nazo zolembedwa komanso zojambulidwa, amvere katatu akutsatira ndi chala, awerenge katatu pamodzi ndi wolankhulayo, kenako adzijambule pa foni n'kuyerekeza. Kudzimvera wekha n'kosasangalatsa, koma ndi pokhapo pamene munthu amamva kuti akunena hite m'malo mwa hit.

Tsopano zimene anthu amaopsezana nazo, zoti dzina limasintha m'njira 18. Ndi tizidutswa tophatikiza kumapeto kwa dzina, togwira ntchito imene m'zilankhulo zina imagwiridwa ndi aperekezi. Theka lake wolankhula Chichewa ali nalo kale m'mutu, chifukwa ndi mu, pa ndi kwa. Kusiyana kwake n'kwakuti ife timati ndikulowa m'nyumba, ndili m'nyumba, ndikutuluka m'nyumba, mu osasintha, pamene iwo amasintha kachidutswako potengera kuti ukupita, ulipo kapena ukuchoka. Za mu: házba, házban, házból. Za pa: asztalra, asztalon, asztalról, kuika patebulo, kukhala patebulo, kuchotsa patebulo. Za kwa: Péterhez, Péternél, Pétertől, kupita kwa Péter, kukhala kwa Péter, kuchokera kwa Péter. Ajambule mizere itatu yopingasa ndi itatu yotsika papepala limodzi, alipachike pakhoma. Zisanu ndi zinayi zathera pomwepo.

Tizidutswati timasintha vawelo kuti tigwirizane ndi liwu: házban, m'nyumba, koma kertben, m'munda. Nachonso si chachilendo. Timati kuphika, kuphikira, koma kulemba, kulembera, ndipo palibe amene amaganizira lamulo polankhula. Kwa iwo mawu okhala ndi a, o, u amatenga -ban, -nak, -ról. Okhala ndi e, ö, ü amatenga -ben, -nek, -ről. Tina tili ndi mitundu itatu, monga -hoz, -hez, -höz. Povuta ndi pa mawu aafupi okhala ndi i yekha, chifukwa ena amatenga za gulu la a, o, u: híd, mlatho, amati hídra, ír, akulemba, amati írok. Amenewo n'ngongoloweza.

Maina a malo alinso ndi kachitidwe kawo. Mizinda yambiri ya m'dzikomo imatenga za pa: Budapesten, Szegeden, Miskolcon, ngakhale dzikolo, Magyarországon. Ina imatenga za mu: Debrecenben, Győrben, Egerben. Mayiko akunja ambiri amatenga za mu, monga Angliában. Akadzamva dzina la mzinda umene amutumiza, afunse nthawi yomweyo kuti umatenga ziti.

Nabanda

Zikomo kwambiri nonse awiri, ndakopera zonsezi ndamutumizira. Iye akufunsa kuti wamva zoti mneni uli ndi mitundu iwiri ya kasinthidwe, ayambe kuiphunzira panopa kapena adikire aphunzitsi? Komanso mawu aziloweza angati patsiku?

Chisale

Achemwali, ayambe panopa. Apa ndisiyana pang'ono ndi a Nangondo: mwezi wathunthu wa katchulidwe kokha ndi wautali kwa mnyamata amene akufunitsitsa kunena kanthu. Masabata awiri akwana, kenako mphindi 15 zija zipitirire pamene wayamba ziganizo. Zina zonse anenazo ndikuvomereza.

Ziganizo zoyamba zikhale pemphero ndi umboni, chifukwa ndi zimene adzafunsidwe masiku oyambirira. Mennyei Atyánk, Atate athu a Kumwamba. Köszönjük ezt a napot, tikuthokoza chifukwa cha tsikuli. Kérünk, áldd meg a családunkat, tikupempha dalitsani banja lathu. Jézus Krisztus nevében, ámen, m'dzina la Yesu Khristu, ameni. Umboni umayamba ndi Tudom, hogy, ndikudziwa kuti: Tudom, hogy Isten él. Akakhala ndi zimenezi pakamwa, galamala ikadzabwera idzapeza pogwira.

Mitundu iwiri ya mneni ija ili motere. Ngati chochitidwacho n'chodziwika, mneni amathera mwina; ngati n'chosadziwika kapena palibe, amathera mwina. Olvasok egy könyvet ndi ndikuwerenga buku linalake. Olvasom a könyvet ndi ndikuliwerenga bukulo. Mwaona li ameneyo mu ndikuliwerenga? Ntchito yake ikufanana ndi ya -om. Olankhula Chingerezi alibe chogwirira pamenepa, mchimwene wanuyo ali nacho. Kungoti kwa ife li ukhoza kumusiya, kwa iwo n'kulakwa.

Atenge mneni mmodzi, tud, kudziwa, auloweze mizere iwiri. Wosadziwika: tudok, tudsz, tud, tudunk, tudtok, tudnak. Wodziwika: tudom, tudod, tudja, tudjuk, tudjátok, tudják. Kenako achite chimodzimodzi ndi szeret, kukonda, kuti aone mmene mavawelo a gulu la e amasinthira. Mzere wodziwika umagwira ntchito pamene chochitidwacho chili ndi a kapena az (ngati the wa Chingerezi) patsogolo, pamene chili dzina la munthu kapena malo, pamene chili cha winawake monga buku lako, pamene chili ezt, azt, őt kapena őket (ichi, icho, iyeyo, iwowo), komanso patsogolo pa hogy. N'chifukwa chake amati tudom, hogy. Kunena tudok, hogy ndi cholakwika chimene amishonale atsopano amachibwereza kwa miyezi.

Pali pena pamene kuyerekeza ndi Chichewa kumasocheretsa. Ine, iwe, ife ndi inu monga ochitidwa amatenga mzere wosadziwika, ngakhale kuti palibe chodziwika kuposa ine. Isten szeret engem, Mulungu amandikonda. Koma ön, inu waulemu, amatenga wodziwika: Isten szereti önt. Ndipo ine ndikamachitira iwe pali mapeto akeake, -lak kapena -lek: látlak, ndikukuona, szeretlek, ndimakukonda.

Zopepuka ziliponso. Nthawi yakale ndi imodzi yokha, yodziwika ndi t: olvastam, ndinawerenga, kaya ndi lero m'mawa kaya ndi chaka chatha. Ő ndi iye, mwamuna kapena mkazi. Dzina likatsatira nambala silichulukitsidwa: két könyv, mabuku awiri, osati két könyvek. Mneni wa kukhala ndi chinthu kulibe, amati van egy kérdésem, lilipo funso langa, kutanthauza ndili ndi funso. Nincs időm, ndilibe nthawi, adzaimva kawirikawiri mumsewu.

Mawu, 10 patsiku, masiku 6 pa sabata. Pa masabata 12 ndi mawu 720, okwanira kwambiri. Amene amayamba ndi 40 patsiku amasiya sabata yachiwiri chifukwa obwereza amaunjikana. Koma kalembedwe ka pa khadi ndiko kofunika kuposa nambala. Dzina lililonse alilembe m'mitundu itatu: palokha, likakhala chochitidwa, ndi likachuluka. Ház, házat, házak. Könyv, könyvet, könyvek. Chifukwa chake n'chakuti vawelo yolumikizira siidziwika pongoyang'ana, ndipo maina ambiri ofunika amasintha tsinde: kéz, dzanja, kezet, víz, madzi, vizet, név, dzina, nevet, lélek, mzimu, lelket, szó, szót, koma szavak. Woloweza lélek yekha akamva lelket sazindikira kuti ndi liwu lomwelo.

Mneni aziulemba pamodzi ndi kachidutswa kamene umafuna pa dzina. Hiszek Istenben, ndimakhulupirira Mulungu, ndi ka mu. Istenről beszélünk, tikukamba za Mulungu. Istenhez imádkozunk, timapemphera kwa Mulungu. Segít amafuna -nak kapena -nek, találkozik amafuna -val kapena -vel, ndipo v ameneyo amasanduka konsonanti yomaliza ya dzina: Péterrel, Istennel.

Chimodzi chimene ndingati adikire aphunzitsi ndi dongosolo la mawu m'chiganizo, koma adziwiretu kuti chilipo. Aneni ambiri ali ndi kachidutswa kutsogolo, meg-, el-, ki-, be-, fel-, le-, ndipo kamaduka n'kusamuka. Elolvastam, ndinawerenga mpaka kumaliza. Pokana, nem olvastam el. Pofunsa munthu ngati adzawerenge, El fogja olvasni? Liwu limene ukufuna kutsindika limakhala kutsogolo kwenikweni kwa mneni, n'kukankhira kachidutswa kaja kumbuyo: Péter elolvasta ndi Péter anawerenga, Péter olvasta el ndi amene anawerenga ndi Péter. Izi zimakhazikika ndi kumva anthu, miyezi ingapo ali kale ku Hungary.

Mayi Nasibeko

Mwanawe, anzanuwa akupatsani galamala yokwanira. Ine ndiwonjezera za ulemu ndi zina zimene zimapweteka munthu akafika.

M'kalasi ana amenewa amalankhulana ndi te, iwe, ndiye lilime limazolowera zimenezo. Kunja, munthu wamkulu wosamudziwa amayenera ön, ndipo mneni wake amakhala ngati ukukamba za munthu wachitatu. Hogy vagy? ndi uli bwanji, Hogy van? ndi muli bwanji. Ndiye poyesera kuphunzitsa, kuyambira sabata yoyamba, azigwiritsa ntchito ön mpaka pakamwa pazolowere. Kwa agogo pali kanenedwe kena kofatsa kwambiri, ka tetszik: Hogy tetszik lenni? Moni wa szia ndi wa anzako ndi ana. Kwa akulu ndi Jó reggelt, Jó napot kapena Jó estét, n'kuwonjezera kívánok, ndipo kwa mayi wachikulire mnyamata amati Kezét csókolom kapena Csókolom. Kusintha kuchoka pa ön kupita pa te amayambitsa wamkulu, osati mwana. Chodabwitsa kwa ife n'chakuti popemphera Mulungu amamutchula ndi te. Áldd meg imene a Chisale alemba ija ili m'mtundu umenewo, ndipo n'kolondola.

Dzina la makolo limayamba, la munthu limatsatira, ndipo udindo umabwera pambuyo. Pa baji padzalembedwa dzina la makolo kenako elder, kwa atsikana nővér. Dzina la mpingo, Az Utolsó Napi Szentek Jézus Krisztus Egyháza, aliloweze panopa mpaka lizituluka mosaganizira, chifukwa ndi lalitali ndipo amalinena munthu ataima pakhomo akudikira.

Nthawi ndi imene imaphonyetsa maulendo. Iwo amawerenga moyang'ana ola likubweralo. Fél három, liwu ndi liwu theka la 3, ndi 2:30. Negyed három ndi 2:15, háromnegyed három ndi 2:45. Amene wamva három n'kulemba 3:30 amafika mochedwa ndi ola lathunthu, ndipo mwini nyumba uja sadziwa kuti vuto linali chilankhulo. Akapangana nthawi azibwereza m'manambala kapena aonetse pa foni. Deti limayamba ndi chaka, kenako mwezi, kenako tsiku.

Malemba nawo asamusokoneze. Baibulo lotchuka la Gáspár Károli linasindikizidwa koyamba mu 1590 ku Vizsoly, ndipo lili ndi mawu akale monga vala, monda ndi lőn, amene munthu sanganene pogula buledi. Mormon könyve, Buku la Mormon la Chihangare, nalonso lili ndi és lőn paliponse. Kuwerenga mokweza tsiku lililonse, buku la Chihangare ndi la chilankhulo chimene amachidziwa zili pambalipambali, n'kothandiza kwambiri pa katchulidwe ndi pa mawu a uthenga. Koma mawu a tsiku ndi tsiku, a m'sitolo, a m'basi, a nyengo, a matenda, a ntchito za anthu, akhale gawo limodzi mwa magawo atatu a makadi ake. Ambiri amafika akutha kufotokoza engesztelés, chitetezero, koma osatha kumva mayi akuwauza kuti mwana wawo wagonekedwa m'chipatala, pamene apo mpamene pamafunika kumva. Asunge pafupi Nem értem, sindikumva, Lassabban, kérem, pang'onopang'ono chonde, Mit jelent? zikutanthauza chiyani, Hogy mondják magyarul? amati chiyani m'Chihangare. Alendo amapatsidwa khofi kapena pálinka, kachasu wa zipatso, ndiye Köszönöm, nem kérek, zikomo, sindilandira, ikhale yokonzeka, yonenedwa ndi nkhope yomasuka.

Mpingo ku Hungary ndi waung'ono. Boma linauvomereza mu 1988, mishoni ya Budapest inatsegulidwa mu 1990, Mormon könyve inatuluka mu 1991, siteki yoyamba, gulu la mipingo ingapo ya dera limodzi, inakhazikitsidwa ku Budapest mu 2006, ndipo kachisi wa mumzindawo analengezedwa mu April 2019. Kunja kwa likulu nthambi zambiri zili ndi anthu ochepa, choncho mmishonale watsopano akhoza kupemphedwa kupemphera, kudalitsa mgonero kapena kulankhula Lamlungu loyamba lenilenilo. Asanachoke ku Provo akhale ndi nkhani ya mphindi zitatu yodzidziwitsa ndi umboni, yokonzedwa ndi mphunzitsi, ndipo ayesere kuwerenga mapemphero awiri a mgonero mokweza mpaka asamapunthwe, poti amenewo amayenera kunenedwa liwu ndi liwu.

Akafika amapatsidwa mnzake wokhalitsa woti amuphunzitse kwa masabata 12 oyamba, ndipo nthawi yophunzira chilankhulo imakhalapobe tsiku lililonse. Masabata oyambawo adzaona ngati anthu akulankhula china, osati chimene anaphunzira, chifukwa amathamanga ndipo sadikira. Agwirizane ndi mnzakeyo kuti pa phunziro lililonse iye ali ndi gawo lake lodziwika, ngakhale likhale pemphero ndi funso limodzi. Akangomusiyira zonse wodziwayo, miyezi itatu imatha ali duu.

Za mapepala, inu achemwali ake muzimukumbutsa. Hungary ili m'dera la Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya otsata malamulo amodzi olowera, ndipo wokhala zaka ziwiri amafunika chilolezo chokhalira m'dzikomo, kuwonjezera pa zoyenera kuti alowe ku America ngati si nzika ya kumeneko. Chilichonse chimene a ofesi ya maulendo ya mpingo apempha, pasipoti, zithunzi, zikalata, chitumizidwe sabata yomweyo. Zikachedwa amatha kumuika kaye mishoni ina mongoyembekezera, kumene kulibe wolankhula naye Chihangare. Zikatero apemphe nthawi yake ya chilankhulo tsiku lililonse ndipo makadi aja asawaike pansi pa sutikesi. Zovala atsatire mndandanda wa m'kalata, koma ayang'ane mwezi umene adzafike: mu January ku Utah ndi ku Hungary komwe kumazizira mpaka pansi pa 0, pamene mu July kumatentha kwambiri. Ngati adzafike m'chilimwe chawo, chijasi cholemera adzagule komweko ndi ma forint, ndalama za kumeneko, nyengo yozizira ikayandikira, malo ake m'sutikesi aikemo nsapato ziwiri zolimba zoyendera.